Kugawa Nthawi pa Mayeso a MSCE Ngati Ukufuna KUHeS

Wati nthawi imakuthera usanamalize pepala, pomwe ukufuna udokotala ku KUHeS, yunivesite ya maphunziro a zaumoyo.

Konzeratu mapepala akale a MANEB, wotchi yapamkono ndi malo achete.

1. Werenga malangizo kaye: mafunso angati, malikisi angati.
2. Gawa nthawi potsata malikisi. Pepala likakhala la malikisi 100 m'maola awiri, malikisi amodzi atenge mphindi imodzi, 20 zotsalazo nzobwerezera.
3. Yamba ndi funso lomwe ukulidziwa bwino.
4. Apa mpomwe ambiri amagwa: kukakamira funso limodzi la Masamu mpaka thukuta. Mphindi zake zikatha, siya mpata, pitirira. Ulibwerera.
5. Loweruka lililonse m'mamawa lemba pepala lathunthu osaima, ngakhale kuzizira kwa ku Dedza kuno kukuumitse zala. Wotchi ikakwana, ika cholembera pansi.