Momwe mungafikitsire dandaulo la m'dera lanu ku khonsolo ya mzinda wa Lilongwe

Ngalande ikatsekeka ku Kawale kapena zinyalala zikaunjikana pamsika ku Area 25, anthu ambiri amathamangira kwa phungu. Komatu phungu ntchito yake yaikulu ndi kupanga malamulo ku Nyumba ya Malamulo. Mwina tinazolowera choncho chifukwa kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linalibe makhansala. Tsopano alipo, agwiritseni ntchito.

Choyamba, dziwani mwini vuto. Zinyalala, misika, ngalande, misewu ya m'malokeshoni ndi zilolezo zomangira nyumba ndi za khonsolo ya mzinda. Paipi ikaphulika, imeneyo ndi ya Lilongwe Water Board, magetsi ndi a ESCOM, ndipo msewu wa M1 uli m'manja mwa Roads Authority. Chenjeraninso apa: khonsolo ya mzinda ndi khonsolo ya boma la Lilongwe ndi ziwiri zosiyana. Wa ku Mitundu kapena ku Nathenje akapita ku Civic Offices ku City Centre angomubweza.

Kenako kumanani ndi anzanu, muitane a buloko lida ndi a komiti ya chitukuko ya m'wodi mwanu. Dandaulo la munthu mmodzi limaoneka ngati nkhani ya m'banja.

Gawo lofunika kwambiri ndi kalata. Kumuuza khansala pamaliro kapena pa WhatsApp sikukwanira, mawa adzati sakukumbuka. Lembani tsamba limodzi lokha: vuto ndi chiyani, lili pati penipeni (pafupi ndi sukulu iti, mlatho uti), linayamba liti, ndipo mukufuna khonsolo ichite chiyani. Ikanipo zithunzi, onse asaine. Kalatayo ipite kwa mkulu woyendetsa ntchito za khonsolo, chifukwa mainjiniya ndi magalimoto ali pansi pa iyeyo, osati pansi pa meya. Meya ndi khansala amene anzake amusankha kuti awatsogolere kwa zaka ziwiri ndi theka. Khansala wanu mumupatse kope lake, ndipo lanu akudindireni chidindo chosonyeza tsiku lomwe alandira. Musachoke pa ofesipo opanda chidindocho.

Mukatero funsani khansala kuti nkhaniyo aitengera ku komiti iti komanso msonkhano wa khonsolo yonse uliko liti. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 limalola anthu wamba kukamvetsera misonkhanoyi, ngakhale ochita zimenezi ndi ochepa.

Akakuuzani kuti ndalama palibe, pemphani mwa kalata kuti muone bajeti ya khonsolo ndi zomwe anaikira wodi yanu. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, limawapatsa masiku 15 ogwira ntchito kuti akuyankheni. Akapitiriza kukhala chete, tengani kope lodindidwa lija mupite nalo ku ofesi ya Ombudsman, komwe kudandaula n'kwaulere.