Mizinda yoyenera kupitako kachiwiri: malangizo kwa matchona anzanga

Mwezi watha ndinali kwathu ku Kasungu pa tchuthi. Tsiku lina chakumadzulo tikusenda mtedza pakhonde, alamu anga anatenga pasipoti yanga n'kuyamba kutsegula tsamba ndi tsamba, akuwerenga zidindo ngati kalaliki wowerenga mabelo a fodya. Atafika kumapeto anati, "Alamu, konseku mwapondako ndithu. Nanga wina atakugulirani tikiti lero, mungabwerere kuti?" Pakamwa panga panatsala pang'ono kutuluka Paris, poti ndi dzina lomveka bwino pamaso pa anthu akumudzi, koma ndinadzigwira. Ku Paris sindingabwerereko ndi ndalama yanga, ndipo ngakhale ya wina ndingaimvere chisoni.

Funso la alamuli ndi lathu tonse amene tikugwira ntchito kunja. Kuno ku UK munthu wogwira masiku asanu pa sabata lamulo limam'patsa masiku 28 a tchuthi pa chaka. Ulendo wa kumudzi wokha umadya masabata atatu. Ndalama nayo ili ndi eni ake kale: fizi ya ana a achemwali, feteleza wa amayi, ndi maliro amene sauza munthu tsiku lobwera. Zotsalazo n'zochepa, sizoti n'kumazimwaza pa mzinda umene ukangoujambula chithunzi basi watha. Muyeso wanga ndi wophweka. Khomo la mzindawo limatseguka bwanji kwa munthu wa pasipoti ya Malawi? Ndipo ukalowa, ungathe kuswera ukuyenda ndi kuona zinthu osapisa m'thumba mphindi iliyonse?

Tiyambe ndi mapepala, chifukwa ambiri timapunthwa pomwepa. Chilolezo chokhalira ku UK si kiyi ya ku Ulaya konse. Ngati mukadali pa pasipoti ya Malawi, ku France, Germany, Italy kapena Spain mufunika viza ya Schengen, imene kuyambira mu Juni 2024 ndi mayuro 90 kwa munthu wamkulu, osawerengera ya kampani yolandira mafomu. Adzafuna kalata ya kuntchito, masitetimenti a kubanki, umboni wa kumene mukagone ndi inshuwalansi ya chipatala yofika mayuro 30,000. Mumapempha ku dziko limene mukakhaleko masiku ochuluka, osati kumene mwamva kuti mzere ndi waufupi. Pasipoti ikhale ndi miyezi isanu ndi umodzi yotsala komanso masamba opanda kanthu, ndipo musadikire kuti ithe kaye. Amene anali ndi ulendo kumayambiriro kwa 2024, pamene kusindikiza mapasipoti kunaima kwathu, akudziwa ululu wake. Kwa a ku UK, makadi a BRP aja, osonyeza chilolezo chokhalira, anatha ntchito pa 31 Disembala 2024 ndipo zonse zili pa intaneti. Mukatenga pasipoti yatsopano, lembetsani nambala yake mu akaunti yanu ya UKVI (ofesi ya maviza ya ku UK) musananyamuke, kuopa kukangana ndi anthu a ndege pobwerera.

Ndiye Paris. Pitani kamodzi, ndikuvomereza. Sitima ya Eurostar kuchokera ku St Pancras imatenga maola awiri ndi mphindi pang'ono, nsanja ya Eiffel ya mu 1889 ija ikamayaka usiku ndi yokongoladi, ndipo tchalitchi cha Notre-Dame chimene chinapsa mu 2019 chinatsegulidwanso mu Disembala 2024. Koma ine ndinatha milungu ndikusaka tsiku lokapereka mafomu, n'kukafika ku Louvre Lachiwiri, tsiku limene amatseka. Safunsa anadya phula. Kumene ndinapumako bwino ndi ku Château Rouge, pakati pa amayi a ku Congo ndi Senegal ogulitsa chinangwa ndi nsomba zouma. Ngati mwayi wakugwerani wa viza yolowa kangapo, ulendo wachiwiriwo pitani nawo kwina.

Dubai nayonso kamodzi n'kokwanira, pokhapokha ngati mukukaoda katundu ku Deira. Burj Khalifa ndi yaitali mamita 828, mwaiona, mwakweza khosi, kenako? Kuyambira Juni mpaka Sepitembala kutentha kumapitirira madigiri 40, moti moyo wonse umakhala wa m'mashopu akuluakulu, kumene chilichonse chikukuitana kuti ugule. Chimene ndimakumbukira ndi kabwato ka matabwa kowolotsa anthu pa Creek, ka dirham imodzi. Ndiponso, poti tafika kuderali: mng'ono wanu akakuuzani kuti wina wam'pezera ntchito kumayiko a Aluya pa viza ya mlendo, m'letseni. Zimene atsikana athu anakumana nazo ku Oman tonse tinazimva.

Kumene ndimabwerera osatopa ndi ku Scotland, ndipo kwa amene muli ku England simufunika pepala lililonse. Munthu wa ku Kasungu akamayenda mu Edinburgh amakhala akuponda m'mapazi a mnzake wa kwawo. Kamuzu anamalizira maphunziro a udokotala kumeneko mu 1941, asanakagwire ntchito ku Liverpool, North Shields ndi Harlesden ku London, ndipo anadzatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958. Kaya mumamukonda kaya muli naye mangawa, mudzadabwa kuti mnyamata wochoka kwathu wapansi anakafika bwanji m'misewu ya miyala imeneija. National Museum of Scotland kulowa ndi ulere ndipo tsiku limodzi simungaimalize. Chiboliboli cha Livingstone chili m'munda wa Princes Street. Phiri la Arthur's Seat, lotalika mamita 251, lili m'kati mwa mzinda momwemo ngati lathu lija la pa boma, ndipo amene anakwerapo la Kasungu ali mwana sangapume kawiri. Mphepo yake yokha ndiye ina, mwera wa mu Julayi umachepa. Pewani Ogasiti, mwezi wa chikondwerero cha zisudzo, chifukwa malo ogona amakwera mtengo mochititsa mantha.

Kuchokera pamenepo Glasgow ndi ola limodzi pa sitima, ndipo kuchoka pa Glasgow Central mphindi ngati 20 mwafika ku Blantyre weniweni, amene wathu uja anatengera dzina mu 1876. Ndi katauni kakang'ono m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. Mukalowa m'nyumba ya Shuttle Row, mmene Livingstone anabadwira mu 1813, mupeza kuti banja lonse linkakhala m'chipinda chimodzi, mabedi olowa m'khoma, ndipo mwanayo anayamba ntchito pa fakitale ya thonje ali ndi zaka khumi. Ulendo woyamba ndinapita ndekha. Wachiwiri ndinatenga ana anga obadwira kunja, amene ankaganiza kuti umphawi unayambira ku Malawi. Wamng'onoyo anaima pakati pa chipindacho n'kufunsa kuti, "Adadi, ndiye ankasamba kuti?"

London ambiri timaidziwa ngati malo odutsa: Heathrow, ofesi ya kazembe wathu, basi. Tikulakwitsa. British Museum, National Gallery ndi Natural History Museum zonse kulowa ndi ulere. Mabasi salandira ndalama yapamanja, mumagunditsa khadi ya kubanki, ndipo mukasintha basi ola lisanathe salipiritsanso. Khalani pamwamba, mpando wakutsogolo, muone mzinda wonse pa mtengo wochepa kuposa wa kapu ya tiyi. Manda a Livingstone ali mu Westminster Abbey, ngakhale mtima wake unakwiriridwa kwa Chitambo ku Zambia. Alendo amalipira polowa, koma ku mapemphero a madzulo salipiritsa munthu.

Chimene chimandibweza ku London n'chakuti mzindawu susunga nkhope imodzi. Mu Sepitembala 2022 pa Trafalgar Square anaimika chiboliboli cha John Chilembwe, chosema Samson Kambalu wa kwathu ku Malawi, potengera chithunzi cha mu 1914. Chilembwe anali wamkulu kuposa mzungu mnzake John Chorley, chipewa chili kumutu, chikhalirecho nthawi imeneyo munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Ndinaima pansi pake nthawi yaitali, anthu akungodutsa osadziwa kuti ameneyu ndi wa pa ndalama yathu. Mu 2024 anachichotsa n'kuikapo china, monga amachitira pamalopo. Njala ikakupwetekani kwerani basi ya ku Peckham kapena Brixton, mukapeza ufa, therere ndi nsomba imene ogulitsa angakulumbirireni kuti ndi chambo. Si chambo, koma ndi nsima imatsika.

Chodula ku London ndi pogona, n'chifukwa chake timafikira kwa abale. Nenani tsiku lofika ndi lonyamuka musanakwere sitima, gulaniko ndiwo, ndipo kumbukirani kuti mwini nyumba mwina akuchokera ku ntchito ya usiku. Mlendo ndi mame.

Ku South Africa pasipoti yathu imalowa masiku 30 popanda viza. Musapitirize ngakhale tsiku limodzi, chifukwa potuluka amakudindani kuti musalowenso kwa chaka kapena kuposerapo. Joni ndi mzinda umene agogo athu anaukumba ndi manja pa nthawi ya Wenela, ndipo ndikudziwa anyamata a kwa Santhe ndi kwa Chulu amene akhalako zaka zambiri osadziwa kumene kuli Apartheid Museum. Patulani tsiku limodzi la kumeneko ndi lina la Soweto, msewu wa Vilakazi ndi malo okumbukira Hector Pieterson ndi ana a sukulu a pa 16 Juni 1976. Kuchokera pa OR Tambo kwerani Gautrain. Cha ku Park Station foni ikhale m'thumba la m'kati. Ndipo sitingabise, zipolowe zothamangitsa alendo za 2008 ndi 2015 zinabweza anthu athu pa mabasi ali manja lende, choncho mverani abale okhala komweko akamati dera ili ayi.

Koma wobwererako weniweni ndi Cape Town. Ulendo wanga woyamba ndinakhala masiku atatu phiri la Table Mountain litafunda mtambo, mphepo ikuwomba moti kangolo kokwezera anthu pamwamba anakaimitsa. Boti la ku Robben Island, kumene Mandela anakhala zaka 18 mwa 27 za ukaidi wake, nalonso silinyamuka nyanja ikakwiya, ndipo matikiti ake amatha msanga, gulanitu pa intaneti. Ikani masiku asanu, ndipo tsiku loyamba limene mwadzuka kuli bata, siyani zonse mukwere phiri. Malichi ndi wabwino kuposa Disembala, anthu amakhala atabwerera ku ntchito. Chichewa mudzachimva pa malo omwetsera mafuta ndi m'malesitilanti, ndipo mukapereka moni wa kwathu mudzauzidwa komwe kuli nsima.

Mukakhala kumudzi ndi masiku otsala, Dar es Salaam safuna viza. Ambiri amangothera ku Kariakoo ndi ku doko kukatenga galimoto. Onjezani masiku awiri, mukwere boti la maola awiri kupita ku Zanzibar, pasipoti ili m'manja. Ku Mkunazini kuli tchalitchi cha Anglican chimene anachimanga pamalo pa msika wa akapolo umene unatsekedwa mu 1873. Tsikirani m'zipinda zapansi zija, zimene munthu wamtali sangaimirire. Msewu wochoka pa Kasungu kupita kum'mawa umakathera ku Nkhotakota, kumene a Jumbe ankakweza anthu m'zombo kuwawolotsa nyanja, kenako wapansi mpaka ku Kilwa. Ena mwa iwo ulendo wawo unakafika m'dera limeneli.

Yankho limene ndinawapatsa alamu ndi Addis Ababa. Anaseka, amvekere, "Si pokwerera ndege pamenepo?" Inde, ndipo n'chifukwa chake. Ambirife tagona pa mipando ya bwalo la ndege la Bole kosawerengeka osatuluka panja. Ine ndinatulukako kamodzi kwa maola ochepa, ndinangolawa. Viza yake mumapempha pa intaneti, ndipo pogula tikiti ya kumudzi mukhoza kuidula pakati kuti mugone masiku awiri popanda kugula ulendo wina wapadera. Mzindawu uli pamtunda wopitirira mamita 2,300, choncho tsiku loyamba mpweya umaperewera pokwera masitepe ndipo usiku kumazizira, tengani juzi. Mvula yambiri imagwa Juni mpaka Sepitembala. Ku National Museum kuli Lucy, mafupa a cholengedwa chonga munthu a zaka 3.2 miliyoni amene anapezeka mu 1974. Kuli likulu la African Union, ndipo bungwe la OAU, limene linalipo African Union isanabwere, linabadwira mu mzindawu mu 1963. Kuli msika wa Merkato, umene wa Lilongwe ungalowemo n'kusowa, ndi khofi wokazinga pamakala inu mukuona, lubani akufuka pambali. Khadi yachikasu ya katemera wa yellow fever musaiiwale, popeza mukatuluka m'bwalo la ndege ku Ethiopia kapena ku Kenya akhoza kukufunsani polowa kwathu kapena ku South Africa.

Tikiti yanga yobwerera ndinaisintha mawa lake, nditakwera kabaza kupita pa boma kumene netiweki imagwira bwino. Alamu atamva kuti kumeneko zikopa n'zabwino anapondetsa phazi pa katoni, n'kulizunguliza ndi bolopeni, n'kudula ndi mpeni. Kakatoniko ndinakaika m'thumba limodzi ndi pasipoti. Akuti zikhale zakuda, zopita nazo ku tchalitchi.