Momwe mungapakire laimu pa matabwa a khitchini kuti asagwire moto msanga

Kuno ku Dedza, Juni ndi Julayi akafika moto suzima m'khitchini, pomwe phaso zathu zambiri ndi za paini wa m'phirimu kapena wa ku Chongoni. Paini ali ndi utomoni, sachedwa kulilima.

Nzeru yopaka laimuyi tabera nkhono. Chigoba chake, ngati cha dzira, ndi mwala wotchedwa calcium carbonate. Laimu wosungunula akamauma pa thabwa amakoka mpweya wa carbon dioxide n'kusanduka mwala womwewo. Akatswiri a ku yunivesite ya ETH Zurich, ku Switzerland, analowetsa mwalawu mkati mwenimweni mwa thabwa ndipo linkachedwa kuyaka. Ife tingopaka pamwamba.

Choyamba palani mwaye wonse. Thabwa losalala kwambiri likwecheni ndi sandipepa wokhakhala kuti laimu apeze pogwira.

Tsopano laimuyo, pamene ine ndinagwa napo. Ndinagula wa pamulu kwa mkulu wina pamsika, poona kuti thumba la m'hadiweya lakwera mtengo. Anandilumbirira kuti wangofika kumene kuchokera ku Balaka. Ndinapaka tsiku lonse, khosi kuwawa. Patapita sabata, mayi a kunyumba akuphika, tinangoona zoyera zikuyoyokera mumphika wa nyemba. Ndikapisa chala pa phaso, chimabwera mbuu ngati ndagwira ufa. Laimu uja anakhalitsa pamtetete, anali atasanduka kale mwala asanafike pa thabwa, ndiye akanamata bwanji? Gulani wa m'thumba lomata, ndipo mukamva zibuma zolimba mkatimo, lisiyeni ngakhale akuchotsereni mtengo.

Muviikeni m'ndowa usiku wonse. M'mawa onjezerani madzi mpaka akhale ngati mkaka, osati phala. Wokhuthala amang'ambika n'kusendeka. Ena amathiramo mchere dzanja limodzi, inenso ndimatero. Valani magolovesi, ndipo samalani maso, laimu amawotcha.

Wazani madzi pang'ono pa thabwalo kenako pakani mopyapyala. Poyamba zimaoneka ngati simunapake kanthu, musathamangire kuwonjezera, kuyera kumabwera kukauma. Dikirani tsiku limodzi, pakaninso, mpaka kanayi kapena kasanu.

Mukafuna kutsimikiza, ponyani pamoto zidutswa ziwiri, chopaka ndi chosapaka. Chopakacho chidzapsa ndithu, koma mochedwerapo, choncho mbaula musaiyandikize ku nsichi poti mwapaka. Chaka chamawa, kusanazizire, mudzabwerezenso.