Kasungidwe ka maburashi a mekapu kuti asamathothoke ubweya

Anzanga odzola mekapu, mukatsuka maburashi musawaimike m'kapu akadali onyowa. Madzi amatsikira m'kachitsulo kogwira ubweya kaja n'kufewetsa guluu, ndiye ubweya umayamba kuthothoka, chogwirira chamtengo n'kumafufuma. Agonekeni pathaulo m'mphepete mwa tebulo, ubweya utatulukira kunja kuti mphepo iziwomba mbali zonse.

Akauma gwa, apo ndiye aimikeni ubweya uli m'mwamba. Thirani timikanda m'kapumo kuti asamagwerane n'kupindika. A m'maso akhale ndi kapu yawoyawo, chifukwa a faundeshoni amakhala ndi mafuta omwe amadetsa anzawo, ndipo diso silichedwa kutenga matenda. Koma chonde, m'bafa musasungemo. Chinyezi cha mmenemo chimachititsa chuku pakati pa ubweya, pomwe simungaone msanga.