Musanagule rediyeta ya aluminiyamu ya Subaru WRX yanu, werengani kaye izi

Amene muli ndi Impreza WRX kaya STI ya pakati pa 2000 ndi 2007, zija za GDA ndi GDB zomwe zambiri zinachokera ku Japan nkutsikira pa doko la Dar es Salaam kapena Durban, dziwani kuti rediyeta yomwe inabwera ndi galimotoyo pano yakalamba basi. Pakati pake ndi aluminiyamu koma mathanki a pamwamba ndi pansi ndi pulasitiki yongopanidwa ndi timano tachitsulo, ndiye pulasitiki ikamatentha nkuzizira, kutentha nkuzizira kwa zaka 20 imafika pouma, imasanduka yabulawuni kenako nkung'aluka, kawirikawiri thanki ya pamwambayo. Mukaona timizere touma toyera kapena tobiriwira m'mphepete mwake ndi kulanti ameneyo, madzi ozizilitsa injini aja, wayamba kale kuthawa. Osamatapo ndi guluu iyayi, pa injini ya tabo zimenezo sizikhalitsa ndipo tsiku lomwe idzaphulike mudzakhala muli pa chitunda, kutali ndi galaja.

Koma choyamba chenicheni, dziwani kaye chomwe chikutenthetsa galimoto yanu. Apa mpomwe anthu ambiri amatayira ndalama, geji ikangokwera athamangira kuitanitsa rediyeta yonenepa yonyezimira, aikapo, patha sabata yawiranso. Injini za m'magalimotowa, zotchedwa EJ, gasiketi ya hedi ikayamba kufooka imakankhira mpweya wa m'silinda kulowa mu kulanti makamaka tabo ikamakoka, ndiye mtawuni galimoto ili bwinobwino koma mukangoiponda pa chitunda kathanki kosungira kulanti kaja kadzadza mpaka kutayikira. Zikatero rediyeta ya mtundu uliwonse siingathandize. Pitani kwa makaniko amene ali ndi kachipangizo koyezera utsi mu kulanti, kaja ka madzi abuluu amene amasanduka achikasu gasiketi ikakhala yapita, ndipo auzeni apopenso mpweya mu sisitimu aone ngati ikusunga puresha. Muonenso ngati mafani onse awiri akuzungulira, amayenera kudzuka kutentha kukafika cha m'ma 95 digiri komanso mukayatsa AC. Themositati nayo, yoyambirira ya Subaru imatseguka pa 78 digiri, ndipo chonde ngati wina anaichotsa ati kuno ku Malawi nkotentha sifunika, bwezeretsani, imeneyo ndi imene imawongolera kayendedwe ka madzi mu injini. Kondensa ya AC yomwe imakhala kutsogolo kwa rediyeta imathanso kutsekeka ndi fumbi, udzu ndi tizilombo, kungoitsuka pang'onopang'ono ndi madzi nthawi zina vuto limathera pompo.

Zonsezo zikakhala bwino ndiye tikambe zogula.

Funso loyamba ndi lakuti galimotoyo mumaiyendetsa bwanji. Ngati injini simunaigwire, tabo ndi yomweyo, mumangoyenda Lilongwe Blantyre pa M1 ndi mtawuni, ine ndingakuuzeni mosabisa kuti rediyeta yatsopano yofanana ndi yoyambirira, ya Denso kaya Koyorad ya mathanki a pulasitiki, ikukwanirani ndipo itumikira zaka zambiri pa mtengo wotsika. Ya aluminiyamu yokhayokha imayamba kumveka ngati munakweza boost, yomwe ndi puresha ya mpweya wa tabo, munaika tabo yaikulu, munasamutsira kutsogolo intercooler yozizilitsa mpweya wa tabo ija, kapena mumakhala kotentha ngati Nchalo ndi Nsanje komwe Okutobala ndi Novembala kumadutsa 40 digiri ndipo kuti mufike mu Blantyre mukuyenera kukwera chitunda cha Thabwa chonse chija muli kumbuyo kwa thiraki ya shuga pa giya yachiwiri. Pamenepo injini ikugwira ntchito yolemera, tabo yafiira, koma mphepo yolowa kutsogolo ndi yochepa chifukwa mukuyenda pang'onopang'ono. Malo ngati amenewo, kaya Chiweta kaya Khwekhwerere, ndi amene amayesa rediyeta, osati sipidi ya pa msewu wowongoka.

Tsopano nkhani ya kunenepa. Ogulitsa amakonda kulemba 2 row, 3 row, ndiye ife timaganiza kuti mizere itatu yaposa iwiri, sizili choncho nthawi zonse. Chomwe chimazizilitsa madzi ndi mphepo yodutsa pakati pa timachubu ndi timapepala tachitsulo tija, ndiye rediyeta ikanenepa kwambiri mphepo imavutika kudutsa ndipo ikamafika ku mzere wakumbuyo imakhala yatentha kale, mzere umenewo umagwira ntchito yochepa. Mzere umodzi kapena iwiri ya machubu otambalala yopangidwa bwino imatha kuposa itatu ya timachubu ting'onoting'ono. Koyorad mwachitsanzo amapanga zonenepa 36, 48 ndi 53 mamilimita. Ya galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku yokwezedwa pang'ono, 36 kapena cha m'ma 40 yakwana, za 50 kupita m'mwamba nza anthu a mpikisano amene galimoto imakhala pa sipidi nthawi yaitali. Palinso vuto la malo, mu boneti ya GD mpata wa pakati pa mafani ndi malamba a injini ndi wochepa kale, rediyeta ikanenepa mafani amasunthira kumbuyo ndipo payipi ya pamwamba imatha kumakhudzana ndi fani kapena pule mpaka kubooka. Tengani tepi muyeze mpata umenewo musanaitanitse, zikavuta mudzafunika kudulako payipi pang'ono kapena kugula mafani opyapyala, ndalama inanso imeneyo.

Ndipo pa mafani ndiimepo pang'ono. Mafani oyambirira a Subaru limodzi ndi chimango chake chapulasitiki amakoka mphepo kwambiri kuposa opyapyala otchipa ambiri amene amagulitsidwa pa intaneti, ndiye sankhani rediyeta yomwe ili ndi mabowo oti mafani anu akale amangike momwe analili. Zomangira fani ndi timawaya tapulasitiki tobaya pakati pa rediyeta zija zisiyeni, ndi mabampu a misewu yathu timacheka machubu.

Kenako muonetsetse kuti ndi ya galimoto yanu yeniyeni. GC8 ya 1992 mpaka 2000, GD ya 2000 mpaka 2007 ndi GRB yoyambira 2007 marediyeta ake ndi osiyana, ndipo mkati mwa GD momwemo muli kusintha, zina zoyambirira rediyeta yake ilibe chitsekero pomwe zotuluka pambuyo pake ili nacho. Masamba ambiri ogulitsa amalemba zaka potengera msika wa ku America, komwe WRX inayamba ndi chaka cha 2002, ndiye chaka cholembedwa pa bulubuku yanu chitha kukusokeretsani. Tsegulani boneti, jambulani kachitsulo kolembedwa nambala ya chasisi ndi applied model, jambulaninso rediyeta yakale kutsogolo ndi kumbuyo kuti mapayipi onse aoneke, mutumizireni wogulitsa pa WhatsApp avomereze molemba kuti ikwana. Amene muli ndi ya otomatiki samalani kwambiri apa, rediyeta yanu ili ndi kachubu mkati mwa thanki ya pansi kozizilitsa oyilo wa giyabokosi, ndipo za aluminiyamu zambiri amapangira za manyuwo zokha, zilibe kachubuko. Mukagula yotero mufunika kuika chozizilitsira oyilo chapadera apo ayi giyabokosi ipsa.

Za mayina, Koyorad ya ku Japan, CSF ndi Mishimoto za ku America, PWR ya ku Australia, amenewa ndi odziwika ndipo amapanga zokwana pa Subaru. Mishimoto amalonjeza waranti ya moyo wonse, koma ganizani kaye kuti ikadontha muli ku Mzuzu muitumiza bwanji ndipo mudikira nthawi yaitali bwanji, kwa ife kuno chofunika ndi yoti isadonthe kumene. Zopanda dzina za pa eBay ndi AliExpress zilipo zambirimbiri pa mtengo wokopa, zina zimagwira ndithu koma ndi mwayi chabe, ndipo ine sindingaike injini ya STI, EJ207, pa mwayi. Ngati mukuiona ndi maso, yang'anani mawelodi a mathanki akhale osalala ofanana opanda timabowo, pomwe machubu alowera mu thanki pasakhale popakidwa guluu wa epoxy chifukwa zabwino amazilumikiza ndi moto mu uvuni, khosi la chitsekero likhale lachitsulo chochindikala, milomo ya mapayipi ikhale ndi kamlomo kotukuka koletsa payipi kuvuka, ndipo timiyendo ta pansi tilowe bwino mu timalabala take. Funsaninso ngati anaiyesa puresha asanaipake.

Mtengo musawerengere wa pa tsamba wokha. Rediyeta ndi yopepuka koma bokosi lake ndi lalikulu ndipo a ndege amalipiritsa potengera kukula kwa bokosi, kuwonjezera apo msonkho wa MRA, komanso madola omwe akuvuta kupezawa. Nthawi zambiri zimaphweka kuipeza ku Johannesburg kwa ogulitsa masipeya a Subaru nkubwera pa msewu, bola ikhale m'bokosi lake ndipo pamwamba pake pasasanjikidwe katundu. Ikafika itseguleni pamaso pa amene wabweretsa, muone ngati siinapindike m'makona. Ndipo poti mwatsegula kale sisitimu gulirani limodzi mapayipi awiri akuluakulu, makilampu, themositati ndi zitsekero, kuika rediyeta yatsopano pa mapayipi a zaka 20 kuli ngati kufolera malata atsopano pa mitengo yodyedwa ndi chiswe.

Zitsekerozo ndi nkhani payokha pa Subaru za tabo. Pali kathanki kachitsulo pamwamba pa injini pafupi ndi tabo, kameneko ndiye malo okwera kwambiri a sisitimu yonse ndipo chitsekero chake ndi cha 1.1 bar, chokhala ndi vavu yolola kulanti kubwerera injini ikazizira. Pa zomwe rediyeta ili ndi chitsekero chake, chimenecho ndi cha puresha yokwererapo, 137 kPa kapena kuti pafupifupi 1.4 bar, chozungulira chopanda makutu. Mukazisinthanitsa, kapena mukangoika chilichonse chomwe chabwera m'bokosi osawerenga nambala, galimoto imayamba kutaya kulanti kapena kukoka mpweya ndipo mudzanamizira rediyeta yosalakwa. Puresha imeneyi ndi yofunika zedi, madzi pa Lilongwe amawira asanafike nkomwe 100 digiri chifukwa tili pamtunda wopitirira mamita 1,000, koma mkati mwa sisitimu yotsekeka pa 1.1 bar amapirira mpaka cha m'ma 120.

Pothira, madzi a pa mjigo kapena pa mpopi ayi ndithu, ali ndi mchere umene umamatirira mu timachubu nkudya aluminiyamu. Gulani kulanti wosakaniza kale woyenera injini za ku Japan, kapena sakanizani theka kulanti theka madzi a distilled aja othira mu batire, osati asidi, madzi okhawo. Sisitimu imadya pafupifupi malita 8, ndi rediyeta yonenepa kuposerapo pang'ono. Imikani galimoto mphuno ili m'mwamba, thirani pang'onopang'ono kudzera pa kathanki ka pa tabo kaja, hita ikhale pa kutentha, lizani injini mukufinyafinya payipi ya pamwamba mpaka thovu lisiye kutuluka ndipo mafani adzuke nkuzima kawiri. Isiyeni izizire, mawa lake m'mawa muonenso mulingo. Mipata ya m'mbali pakati pa kondensa ndi rediyeta itsekeni ndi siponji yosapsa kuti mphepo isamathawire m'mbali, ndipo pulasitiki ya pansi pa injini ngati ilipo ibwezereni.

Poyesa musadalire geji ya pa dashibodi yokha, singano yake imakhala pakati ngakhale kutentha kukusintha ndithu ndipo ikamayamba kukwera zinthu zimakhala zafika kale patali. Za ku Japan zakale zina sizilankhulana ndi timakina wamba ta OBD2 towerengera kompyuta ya galimoto, ndiye ikani geji yapadera ya manambala, kwerani nayo chitunda masana AC ili yoyatsa. Ikamasewera pakati pa 85 ndi 95 zili bwino, ikamadutsa 100 nkumapitirirabe patukani, zimitsani AC, tsegulani hita mpaka kumapeto injini ikulira payokha, ndipo chitsekero musachigwire mpaka itazizira.