Momwe mungatsekere mipata yomwe akaunti wamba imadzera n'kukhala root pa Linux

Ambiri tikamateteza seva maso amangokhala kunja, firewall ndi pasiwedi yayitali basi. Koma pali vuto lina loyambira m'kati momwemo: munthu walowa kale ndi kaakaunti kopanda mphamvu, mwina kudzera pa webusaiti yomwe ili ndi bowo, kenako akupeza kachilema mu sisitimu n'kudzikweza mpaka kukhala root, akaunti yomwe ili ndi mphamvu zonse pa makinawo. Akafika pamenepo palibenso womuletsa, mafayilo onse ndi ake, ma log afufuta.

Choyamba pangani update, ndipo mukapanga muzimitse n'kuyatsanso makinawo. Apa ndi pomwe anthu amagwa. Pa Ubuntu kapena Debian lembani sudo apt update kenako sudo apt upgrade, koma kernel yatsopanoyo (kernel ndiye phata la sisitimu yonse) siyamba kugwira ntchito mpaka mutarisitata, ndiye munthu amakhala mtima uli m'malo pomwe yakale ija ikadali mbwee. Lembani uname -r muone yomwe ikuthamanga panopa. Musaderere izi, chilema chotchedwa Dirty COW chinadziwika mu October 2016 koma chinali chitabisala mu kernel kuyambira 2007, china chotchedwa Dirty Pipe nacho chinatulukira mu 2022.

Chachiwiri ndi ptrace, ndipo apa ndikufuna tikhalitsepo. Iyi ndi njira yomwe pulogalamu imodzi imasuzumira mu memory ya inzake ngakhale kuisintha kumene, ma debugger (mapulogalamu osakira zolakwika mu code) ngati gdb amadalira yomweyi. Vuto ndi loti pulogalamu yoipa ikhoza kusuzumira pulogalamu ina ya akaunti yomweyo n'kutolamo ma kiyi kapena pasiwedi. Ndipo ptrace yeniyeniyo inapezekapo ndi chilema mu 2019, CVE-2019-13272, chomwe anachipeza Jann Horn, chinkapereka root kwa munthu wamba. Lembani cat /proc/sys/kernel/yama/ptrace_scope. Mukaona 0 ndiye kuti chitseko chili pululu. 1 amalola pulogalamu kusuzumira mapulogalamu okhawo omwe yayatsa iyo yomwe, 2 ndi wa admin yekha, 3 amatsekeratu ndipo simungabweze mpaka mutarisitata. Pa seva yomwe palibe akulembapo ma code ine ndimaona 2 ndi wabwino, ikani kernel.yama.ptrace_scope = 2 mu fayilo ya mu /etc/sysctl.d/ kenako sudo sysctl --system. Koma izi sizilowa m'malo mwa update ayi.

Chachitatu sakani mapulogalamu a SUID, awa amathamanga ndi mphamvu za mwini fayilo, nthawi zambiri root, ngakhale wayatsa ndi munthu wamba. Lembani find / -perm -4000 -type f 2>/dev/null. Zina ngati passwd ndi sudo zikuyenera kukhalapo, musathamangire kuchotsa, koma chomwe simukuchidziwa fufuzani chinabwera ndi package iti. Chilema chotchedwa PwnKit, chomwe kampani ya Qualys inaulula mu January 2022, chinali mu pulogalamu ya SUID yotchedwa pkexec kuyambira 2009, ndipo omwe update inali isanawafike ankangochotsa SUID-yo ndi chmod 0755 /usr/bin/pkexec.

Kenako sudo, yomwe imalola akaunti wamba kuyatsa pulogalamu ndi mphamvu za root. Lembani sudo -l pa akaunti iliyonse muone yaloledwa chani. Kupatsa munthu vim kapena less kudzera pa sudo n'chimodzimodzi kumupatsa root yense, chifukwa m'mapulogalamu amenewa amatha kutsegula shell, polembera lamulo lililonse ngati root. Ma akaunti a anthu omwe anasiya ntchito atsekeni ndi sudo usermod -L -e 1 kenako dzina la akauntiyo, ndipo webusaiti izithamanga pa akaunti yakeyake yopanda sudo.