Kumanga nyumba yosagwa msanga ndi chivomerezi kuno ku Chigwa cha Shire

Kuno ku Chikwawa ndi Nsanje tikamamanga, maganizo onse amakhala pa madzi osefukira. N'zomveka. Komatu chigwa chathuchi chili mumng'alu waukulu wa pansi pa nthaka womwe unagwedeza Salima mu 1989 ndi Karonga mu Disembala 2009, ndipo chitunda cha Thyolo chomwe timachiona kum'mawa chinakwera chifukwa cha mng'alu wapansi womwewo. Nthaka ikagwedezeka, nyumba zambiri sizigwa chifukwa njerwa ndi zofooka ayi, koma chifukwa makoma sanagwirane. Khoma lililonse limavina palokha, makona n'kutseguka, denga n'kutsika.

Choncho ngati ndalama ya simenti ndi yochepa, isathere pa pulasitala. Ipite ku ring'i bimu, lamba wa konkire wozungulira nyumba yonse pamwamba pa zitseko ndi mawindo, kuphatikizapo makoma am'kati. Malintala oduladula, oikidwa pamwamba pa khomo kapena zenera pokha, apa kamodzi apo kamodzi, samanga nyumba pamodzi.

Lambayo akhale wotambalala ngati khoma, masentimita 23, ndi wokwera masentimita 15. Muikemo zitsulo zinayi za Y10 (zokhuthala mamilimita 10), zogwidwa ndi tizitsulo ta R6 (ta mamilimita 6) pa masentimita 20 aliwonse. Konkire wake: ndowa imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga, zinayi za kwale. Nyumba ya mamita 6 kwa 8 yokhala ndi makoma am'kati okwana mamita 14 imadya matumba pafupifupi 9 a simenti ndi zitsulo 16 za mamita 12.

Pomwe amisiri ambiri amalakwitsa ndi pakona. Amadula zitsulo zonse n'kuthera pomwepo, ndiye kunja lamba amaoneka wathunthu pomwe m'kati ndi woduka, ndipo chivomerezi chimayambira pamenepo kung'amba. Chitsulo chipindidwe, chizungulire kona, ndipo polumikiza ziwiri zipitirirane masentimita 50, kutali ndi kona. Ikani timiyala pansi pa zitsulo kuti konkire azikute mbali zonse, apo ayi dzimbiri lizidya. Mwini nyumba akhalepo tsiku limeneli, chifukwa konkire akathiridwa palibe chomwe angaone.

Madzi nawo. Mijigo ina kuno imatulutsa madzi amchere, ndipo mcherewo umadya zitsulo m'kati mwa konkire. Madzi omwe simungamwe musakandire. Ndi dzuwa lathu la Okutobala konkire amauma asanakhwime, ndiye muphimbeni ndi masaka ndipo muzimuthirira m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7. Njerwa zootcha zinyowetsedwe musanamangire, chifukwa zouma zimamwa madzi a m'matope a simenti n'kuwasiya akufumbutuka ngati ufa.

Makoma akunja akhale a njerwa yathunthu, osati ya theka, ndipo khoma lisapitirire mamita 5 popanda lina lolidutsa kapena chipilala. Pakona njerwa zilowerane mzere uliwonse. Kumanga khoma limodzi kufika pamwamba kenako n'kudzaphatikiza linalo ndi kungogundanitsa basi. Yalani waya wa bulikifosi, wolimbitsa khoma, pakati pa njerwa pakadutsa mizere itatu iliyonse, nayenso azungulire kona. Zenera kapena khomo litalikire kona ndi masentimita 60 kapena kuposa, ndipo mukaphatikiza mipata yonse isapose theka la khomalo. Omangira dothi achepetse mipatayo kwambiri, asasiye mphako pakati pa njerwa, ndipo mizere yoyamba yapansi ikhale ya simenti basi, chifukwa khoma lomwe linamwapo madzi osefukira limakhala lafooka kale.

Gebulo ndiye woopsa kwambiri. Khoma la makona atatu limeneli, lomwe limatseka m'mbali mwa denga, limaima pamwamba lopanda choligwira, ndipo likagwa limagwera pomwe anthu agona. Denga lotsetsereka mbali zinayi limathetsa vutoli, komanso limapirira mphepo. Ngati gebulo ndi wofunika ndithu, mutsekeni ndi malata kapena matabwa. Mitanda ya denga imangiriridwe ndi waya wokhuthala womwe munauzika mu ring'i bimu konkire asanaume, osati kungotsindira ndi njerwa.

Za maziko, pa dothi la makande ngati la ku Ngabu, lomwe limatupa nthawi ya mvula n'kung'ambika m'chilimwe, kumbani mpaka mupeze dothi losasuntha, ngakhale zitafika mita imodzi. Mchenga wonyowa wa m'mbali mwa Shire umatha kufewa ngati phala nthaka ikagwedezeka, ndiye ngati mfumu ili ndi malo ena okwera, pemphani amenewo.